Si a Abasi Anayendetsa Galimoto Yosalira

Ine, Bushra Kalilu, wa zaka 22, wa m'mudzi wa Mpalume, Mfumu Yaikulu Malengachanzi, m'boma la Nkhotakota, ndimagulitsa zitumbuwa ndi usipa wokazinga pa sukulu ya kwathu. Ndine mkazi wa a Abasi Hamza, amene mukuwasunga m'chitokosi muno kuyambira Lolemba. Ndikulemba m'mawa. Dzuwa latentha kale ndipo mphepo kulibe. Apolisi a pa kauntala anayamba kulemba okha, koma anati mawu anga sakumveka, ndiye andipatsa cholembera kuti ndilembe ndekha.

Timakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya a Yahaya Maganizo, amalume awo a amuna anga. A Yahaya amachita malonda a mpunga ndi nsomba zouma. Akazi awo ndi mayi Asiyatu. Mpanda ndi umodzi, bwalo ndi limodzi. Tili ndi mwana mmodzi, Rahila, wa zaka zitatu. A Abasi akhala akuwayendetsera galimoto a Yahaya kuyambira tisanakwatirane.

Kale a Yahaya anali ndi pikiapu ya dizilo. Inkaima pansi pa mtengo wa mango, pomwe pali mthunzi wokhawo pabwalo pathu. Nkhuku, mbuzi ndi ana ankalowa kunsi kwake chifukwa mchenga wa pamenepo umazizira. Ulendo ukakhalapo, a Abasi ankailiza n'kuisiya kuti iwothe kaye. Inkanjenjemera ndi kutulutsa utsi, ndipo chilichonse chimene chinali kunsi chinkatuluka chokha. Palibe amene ankawerama kuti ayang'ane. Kwathu pa nyumba iliyonse yomwe pali galimoto amatero.

Chaka chatha a Yahaya anagulitsa pikiapu ija n'kugula galimoto yoyera, yaitali msinkhu, ya matayala akuluakulu ndi malo a katundu kumbuyo. Inachokera kunja itagwirako kale ntchito. Anati ndi ya haibulidi, imayendera mafuta ndi magetsi. Ilibe pobaya kiyi. Kiyi wake ndi kabokosi kakuda, ukakhala nako m'thumba umangodina batani. Ikalizidwa simveka. Imayamba kuyenda ili duu, injini imadzalira ikafika pa tala. Anthu a m'mudzi anaitcha Kachetechete.

Pa mafuta inali yabwino. A Abasi ankapita ku Salima n'kubwerako, singano ya mafuta itangotsikako pang'ono. A Yahaya ankauza aliyense kuti, "Iyi simwa mafuta, imangonunkhiza." Mafuta atayamba kusowa, anthu ankabwera kudzaichita hayala pa maliro, pa ukwati, ndi potengera odwala kuchipatala, chifukwa magalimoto ena anali ataima. Mkati mwake muli batani lina loti ukadina imayendera magetsi okha. A Yahaya analamula kuti potuluka pabwalo ndi poyenda m'mudzi batani limenelo lizikhala lodina, kuti mafuta asapse chabe.

Itangobwera inapondapo anapiye a mayi Asiyatu. Kuyambira tsiku limenelo a Abasi asanakwere ankagwada, n'kusuzumira kunsi, n'kuwomba m'manja. A Yahaya ankawaseka. Ankati, "Abasi, kibula choyang'anako popemphera chili uko. Wayamba kuswalira galimoto?" A Abasi ankaseka nawo, koma kugwada sanasiye.

Poyamba inali ndi kabelu kolira ikamabwerera m'mbuyo, ndi kamera yoonetsa za kumbuyo. Nthawi yokolola makoswe a m'nyumba yosungira mpunga analowa n'kudya mawaya. Kabelu ndi kamera zinafa. Anaitana a Tedson, makaniko wa kumsika. A Tedson anati zipangizo zake n'zoitanitsa kunja. Ine ndinali pomwepo ndikusesa. A Yahaya anafunsa kuti, "Kabeluko n'kamene kamayendetsa galimoto?" A Tedson anati ayi. A Yahaya anati, "Ndiye kasiyeni kagone."

Kutayamba kutentha, kutsogolo kwa chiwongolero kunayaka nyali yofiira ya ngodya zitatu. Galimoto inayamba kufooka pa msewu, nthawi zina kuzimiratu. A Tedson anabweranso. Anati batire lalikulu lomwe lili pansi pa mpando wakumbuyo latopa, ndipo likatentha galimoto imadzitseka yokha. Anati mawaya a mtundu wa lalanje iwo sakhudza, amapha, ndipo okonza zimenezo ali ku Lilongwe. Atatchula mtengo wa batire lina, a Yahaya anaseka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi tepi yakuda n'kumata pa nyali ija.

A Tedson asanachoke anawaphunzitsa a Abasi chochita. Anati aziyenda kukazizira, azitsegula mpweya wozizira wa mkati, ndipo asamaike katundu pa kabowo kolowera mphepo ka m'mbali mwa mpando wakumbuyo. Anati ikazima aziikankhira pa mthunzi, atsegule zitseko zonse, amasule chingwe china cha batire laling'ono lomwe lili kumalo a katundu, adikire kufikira izizire, kenako abwezeretse. A Abasi anagula sipanala yaing'ono ndipo ankayenda nayo m'thumba la buluku. Inawazimira kangapo, ndipo nthawi zonse ankafika nayo kunyumba. A Yahaya zimenezi sanaphunzire. Ankati, "Dalaivala ndimamulipiriranji?"

Tsopano ndinene za Lolemba lapitali, pa 11 Novembala.

M'mawa a Yahaya anatuma a Abasi pa njinga kukayang'anira mpunga ku chigayo cha a Frazer, cha ku msewu waukulu. Galimoto inatsala pansi pa mango. Swala ya masana ya Zuhuri itatha, ine ndinali pakhomo pa khitchini yathu ndikukazinga zitumbuwa. Kuchokera pamenepo galimoto imaoneka yonse, ndi pafupi poti munthu akalankhula umamva. Mayi Asiyatu anali pakhonde lawo akupeta mpunga. Rahila anali ndi ine, akuseweretsa zitsekerero za mabotolo. Ndinamuuza kuti asunthe chifukwa mafuta ankathetheka. Anatola zitsekerero zake n'kupita. Kumene analowera sindinaone.

Ndinamva foni ya a Yahaya ikulira m'nyumba. Anatuluka akuvala kofia, akunena kuti, "Mafuta afika, mzere wayamba!" Mayi Asiyatu anati, "Simudikira Abasi?" Iwo anati, "Ndidikire mpaka athe?" Analowa m'galimoto n'kutseka chitseko. Kunsi sanayang'ane. Mawindo anali otseka.

Injini sinalire. Ndinangoona galimoto ikubwerera m'mbuyo. Choyamba kunsi kunatuluka nkhuku ikuuluka. Kenako ndinamva Rahila.

Ndinakuwa. Chimene ndinanena sindikuchikumbukira. Galimoto sinaime. Mayi Asiyatu anathamanga n'kumenya galasi lakutsogolo ndi lichero, mpunga n'kumwazika, ndipo m'pamene inaima. Tayala lakutsogolo la kumanzere linali litadutsa kale pa mwendo wa kumanja wa mwana, m'munsi mwa bondo. Ndinamukoka m'khwapa. Fupa linkaoneka. Zitsekerero ziwiri zinali zikadali m'dzanja lake.

A Yahaya sanatsike. Anakhala atagwira chiwongolero, akubwereza pemphero la pa tsoka lakuti, "Inna lillahi, inna lillahi." Mayi Asiyatu anamanga mwendo ndi mpango wawo wa kumutu, kenako anaimbira a Abasi. A Abasi anafika pa njinga tsitsi lili mbuu ndi fumbi la kuchigayo. Anatsegula chitseko, a Yahaya anasunthira mpando wina, ndipo a Abasi anatitengera kuchipatala. Ulendo umenewo wokha ndi umene a Abasi anayendetsa galimotoyo tsiku limenelo.

Kuchipatala anatsuka chilonda, anajambula mwendo, anaumangira ku thabwa ndipo anamuika mwana diripi. Adokotala anati fupa laphwanyika malo angapo ndipo ntchito yake ndi ya kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Anati ambulansi ilipo koma ikudikira dizilo, ndipo sakudziwa tsiku limene adzampeze. Anati ngati abale ali ndi galimoto, iwo alemba kalata tipite tokha. Anatinso popeza ndi ngozi ya galimoto, pakufunika lipoti la ku polisi.

Nthawi ya swala ya Asiri, dzuwa litapendeka, tinatuluka panja poimika magalimoto, ine, a Abasi ndi a Yahaya. Mayi Asiyatu anatsala ndi mwana. Mawu otsatirawa ndikuwakumbukira bwino chifukwa ndinaima pambali pawo.

A Yahaya anati, "Abasi, mwana wa mlongo wanga, tamvera. M'tauni muno mulibe galimoto ina yomwe ingafike ku Lilongwe sabata ino. Yanga ili ndi mafuta theka la thanki, ifika n'kubwerako. Koma ukanditchula ine, kiyi ndilowa naye m'chitokosi."

A Abasi anati, "Malume, ine ndinali kuchigayo. Anthu anandiona."

A Yahaya anati, "Anthu a kuchigayo awafunsa ndani? Iwe ndiwe bambo wa mwana. Bambo wa mwana samusunga, amamumvera chisoni. Ukangolembetsa dzina, ukutuluka. Mawa m'bandakucha uyendetsa wekha, zonse za ku Lilongwe ndi zanga."

A Abasi anayang'ana khomo la wodi. Kenako anati, "Mulumbire." A Yahaya anati, "Wallahi." A Abasi anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mayi a Rahila, inu musalankhule kanthu. Kakhaleni ndi mwana." Anapita onse awiri kuno ku polisi pa galimoto yomweyo.

Itakwana swala ya Magharibi, dzuwa litalowa, a Yahaya anabwera okha, wapansi. Anati a Abasi awasunga chifukwa mwana wavulala kwambiri, ndipo galimoto yatsala kuti aiyeze. Anati, "Ndi za mawa zokha izi."

Lachiwiri ndinakhala m'wodi tsiku lonse. Mwendo unatupa ndipo unafiira. Anamwino anatenga cholembera n'kujambula mzere pakhungu pomwe kutupa kwalekezera. Anati ndiziyang'ana, kukadutsa mzerewo ndiwauze. Mzere woyambawo unali m'munsi mwa bondo. Madzulo mayi Asiyatu anabwera ndi chakudya. Anati apolisi anafika kunyumba kudzaona malo, ndipo iwo anawauza kuti anali m'nyumba, sanaone kanthu. Anati galimoto yatulutsidwa koma a Abasi ayi. Anati mawa ayendetsa a Yahaya. Ine ndinati a Abasi amanyamuka nayo swala ya m'bandakucha ya Subuhi ikangotha, kusanatenthe. Mayi Asiyatu anati akawauza.

Lachitatu ndinamukonzekeretsa mwana kusanache. Adokotala analemba kalata, anamwino anatseka diripi n'kusiya kasingano pa mkono. Tinadikira pakhonde la wodi. A Yahaya anafika dzuwa litakwera kale. M'galimoto munali matumba a mpunga, odzaza malo a katundu, ndi lina pansi m'mbali mwa mpando wakumbuyo, pa kabowo kaja. Anati sangawotche mafuta mpaka ku Lilongwe galimoto ili yopanda kanthu. Kalata ya adokotala anaitenga n'kuika m'thumba la malaya awo. Ndinamugoneka Rahila pa mpando, mutu pa miyendo yanga.

Ndinati, "Bambo, thumba ili latseka kabowo." Iwo anali akuyankha foni. Sindinabwereze.

Tili pa msewu, mpweya wozizira anauzimitsa. Anati umadya mafuta. Anatsitsa mawindo, mphepo yolowa inali yotentha. Titadutsa mlatho wa Chia galimoto inayamba kulira ti-ti-ti mkati. Tepi ija inali itamatuka mbali imodzi chifukwa cha kutentha, ndipo ndinaona kufiira. A Yahaya anaponda mafuta koma liwiro linkangotsika. Tinayenda pang'ono, kenako inazima, tisanafike ku Benga. Inaima pa dzuwa. Pafupi panali kamsasa ka okonza njinga ndi mayi wogulitsa mango.

A Yahaya anadina batani kambirimbiri. Anaimbira a Tedson koma foni yawo sinkapezeka. Okonza njinga aja, dzina lawo a Lazaro, anabwera ndi zida zawo. Anatsegula kutsogolo kufuna batire, osalipeza. Ine ndinati, "Lili kumbuyo, pansi pa matumba." A Yahaya anati, "Nawenso wakhala makaniko?" A Lazaro anati tiyese. Anatsitsa matumba onse pambali pa msewu ndipo batire laling'ono analipeza. A Lazaro anandifunsa kuti amasule chingwe chiti. Ndinati sindikudziwa, amadziwa ndi amuna anga. A Lazaro anapukuta manja n'kunena kuti, "Pepani bwana, izi ndinamva kuti zimaumitsa munthu. Ine ndimadziwa tcheni ndi sipoko." A Yahaya nawonso sanakhudze.

Magalimoto pa msewu anali ochepa. Minibasi imodzi inadutsa anthu atalendewera pakhomo, sinaime. Dzuwa lili pamutu kunabwera lole yopita ku Salima, ndipo a Yahaya anaiimitsa. Analankhula ndi dalaivala kumbali. Kenako anyamata a pa lole anayamba kukweza matumba a mpunga. Ndinatsika n'kupita pomwe anaima. Ndinati, "Bambo, nanga mwana?" Dalaivala anati kutsogolo kwatsala malo a munthu mmodzi, ndipo mwana wa mwendo wotero sangagone pa matumba pa dzuwa. A Yahaya anatulutsa kiyi n'kundipatsa. Anati, "Khala pano uyang'anire galimoto. Ndikubwera ndi makaniko wa ku Salima, pompano." Anakwera kutsogolo. Kalata ya adokotala inapita nawo.

M'galimoto munatentha moti sitikanakhalamo. Mayi wa mango uja, amene ndi mkazi wa a Lazaro, anayala mphasa mu kamsasa ndipo tinamugoneka Rahila pamenepo. Anatipatsa madzi. Ndinkanyowetsa nsonga ya chitenje n'kumamupukuta kumaso. Thupi lake linali lotentha. Poyamba ankalira akuitana bambo ake. Kenako anasiya kulira, ankangoyang'ana. Ndinatsegula nsalu kuti ndione mwendo. Kutupa kunali kutadutsa mzere uja, kwafika pa bondo. Pa bandeji pankatera ntchentche.

Ndinadikira mpaka mthunzi wa kamsasa unafika pa tala. A Lazaro anawaimbira a Yahaya pa foni yawo. Ulendo woyamba inalira osayankhidwa. Ulendo wachiwiri inali yozima. Ine ndalama yokwerera china chopita ku Lilongwe ndinalibe, kalatanso ndinalibe. Mkazi wa a Lazaro anati, "Achemwali, mwanayu asagone pano." A Lazaro anaimitsa pikiapu yomwe inkabwerera ku Nkhotakota ndi madengu a nsomba opanda kanthu. Ndinatseka galimoto ya a Yahaya podina kabatani ka pa kiyi, monga ndinkaonera a Abasi. A Lazaro anati aziyang'anira. Kiyi ndinamumanga pa nsonga ya chitenje. Wa pikiapu sanandilipiritse. Anatitsitsa pa geti la chipatala dzuwa lisanalowe.

Anamwino atationa anafunsa kuti, "Mwabwereranji?" Ndinawauza. Anaitana adokotala. Atamasula bandeji, mayi wa pa bedi loyandikana anatseka mphuno ndi nsalu. Adokotala anatsukanso chilonda ndipo anasintha mankhwala. Anamwino anajambula mzere wachiwiri, pamwamba pa bondo. Adokotala anandiitanira pakhomo. Anati chilonda chayamba kuwola mkati. Anati, "Mayi, likadutsa Lachisanu mwana asanafike ku Lilongwe, sitikambanso za fupa. Tikamba zodula mwendo kuti tipulumutse mwana." Ndinafunsa za ambulansi. Anati dizilo sanabwerebe. Anati ndikapeza galimoto, kalata ina alemba nthawi yomweyo.

Lero Lachinayi m'mawa mayi Asiyatu anabwera kuwodi ndi phala m'kontena. Anati mkazi wa a Lazaro anawaimbira pa nambala yomwe ili pa chitseko cha galimoto, n'chifukwa chake anadziwa kuti tabwerera. Anamuyang'ana mwana, anamuphimba bwino, kenako anakhala pa bedi. Tinalankhula motere.

Iwo anati, "Bambo ako a Yahaya aimba. Ali ku Salima. Makaniko akuti galimoto akaikoka Loweruka. Bweretsa kiyi ndikasunge."

Ine ndinati, "Adokotala akuti Lachisanu."

Iwo anati, "Ambulansi ipeza mafuta, inshallah. Madokotala amawopseza."

Ine ndinati, "A Abasi akhoza kuiliza."

Iwo anati, "Abasi msiye. Lero masana akupita kukhoti. Akavomera, amulipiritsa chindapusa, bambo ako alipira, nkhani yatha."

Ndinafunsa ngati a Abasi akudziwa kuti tabwerera. Mayi Asiyatu anayang'ana pansi. Anati dzulo madzulo atawapititsira chakudya kuno anawauza kuti tafika bwino ku Lilongwe ndipo mwana walandiridwa. Anati, "Ndinatero kuti mtima wake ukhale pansi. Anadya chakudya chonse."

Kenako anati, "Bushra, mwana wanga, iwe si wolongolola, usayambe lero. Ukumbukire kuti denga limene mukugonamo ndi la ndani." Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse kiyi. Ndinati ndikupita kuchimbudzi kaye. Potuluka ndinapempha mayi wa pa bedi loyandikana kuti aziyang'ana diripi ya Rahila. Ndinatulukira geti la kumbuyo ndipo ndabwera kuno wapansi.

Ndikunena kuti amene anayendetsa galimoto Lolemba pamene inaponda mwana wanga ndi a Yahaya Maganizo. Ndinawaona akulowa, ndinawaona ali pa chiwongolero galimoto itaima. Mayi Asiyatu anaona, ndipo ndi iwo anaiimitsa ndi lichero. Lichero lake linathyoka mkombero, lili pakhonde pawo. A Abasi nthawi imeneyo anali ku chigayo. A Frazer ndi antchito awo akhoza kunena, chifukwa foni inawapeza ali pomwepo ndipo anasiya mpunga uli m'makina. A Abasi ananena bodza kuno chifukwa a Yahaya analumbira kuti mwana afika ku Lilongwe. Ine ndinamva ndipo ndinakhala chete chifukwa anandiuza amuna anga. Mwana sanafike ku Lilongwe. Ali m'wodi ya ana, bedi la pafupi ndi zenera.

Palibe amene wandituma. A Yahaya sindinayambanepo nawo. Ndi iwo anatilipirira nikahi ya ukwati wathu, ndiponso ndi iwo anamutcha Rahila dzina. Ndikudziwa kuti kunyumba kuja mwina sitikagonakonso.

Kiyi wa galimoto ndamasula pa chitenje ndipo ndamupereka kwa apolisi a pa kauntala. Galimoto ili kumanzere kwa msewu wopita ku Salima, kupitirira mlatho wa Chia, pa kamsasa ka a Lazaro okonza njinga. Matumba a mpunga mulibenso, kabowo kaja kali poyera. Pamene inkazima singano ya mafuta inali pansi pang'ono pa theka. A Abasi ankati mafuta otere amafika ku Lilongwe. Sipanala yawo ndikukhulupirira kuti ili muno, pamodzi ndi lamba, foni ndi nsapato zomwe munawavula Lolemba, chifukwa sichoka m'thumba mwawo.

Ndikupempha kuti a Abasi asanapite kukhoti muwauze kuti mwana ali kuno. Ndikupempha kuti muwalole akailize galimotoyo. Ngati malamulo salola kuti apite okha, apite ndi wapolisi, akhale pa mpando wakutsogolo, ine ndi mwana tikhala kumbuyo. Ngati pali mlandu wonena bodza, ndi wathu tonse awiri, tidzabwera kudzauyankha tikamusiya mwana m'manja mwa madokotala. Galimotoyo imafuna kuyenda kukazizira. Tikaphonya madzulo a lero, kwatsala m'bandakucha wa mawa, ndipo mawa ndi Lachisanu.

Ndisanachoke kuwodi ndinayang'ana mwendo. Kutupa kwadutsa mzere wachiwiri ndi zala ziwiri.

Pamene ndakhala pano ndikuwamva a Abasi akutsokomola kuseri kwa khoma. Apolisi anati ndikamaliza kulemba ndiwaona. Ndamaliza.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi.

Bushra Kalilu
Lachinayi, pa 14 Novembala 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa.